Funsani za Kompyuta: Kodi Dzina la pa Intaneti Timalidula Pati?

FUNSO

Alangizi, ndimagwira ntchito ya mu ofesi pa bungwe lina kuno ku Zomba lomwe limathandiza ophunzira a m'makoleji. Tili ndi fayilo ya Excel momwe muli maimelo a ophunzira ndiponso maadiresi a mawebusaiti a mabungwe amene timagwira nawo ntchito. Abwana anandiuza kuti ndiwasanje, aliyense apite pansi pa sukulu kapena bungwe lake. Python ndinaphunzirako pang'ono, ndiye ndinalemba khodi yoti izidula dzina pa dontho lililonse n'kusunga zidutswa ziwiri zomaliza. Pa gmail.com ndi yahoo.com zikuyenda bwinobwino. Koma unima.ac.mw, mzuni.ac.mw ndi luanar.ac.mw onse akuunjikana malo amodzi pansi pa ac.mw ngati kuti ndi sukulu imodzi. Nditasintha kuti izisunga zitatu, mayunivesite aja anasiyana, koma tsopano www.mra.mw ndi mra.mw akuwerengedwa ngati mabungwe awiri. Kodi ndizisunga zidutswa zingati?

Mayi wa ku Zomba

YANKHO

Mayi, nambala imene mukuifunayo kulibe. Kaya musankhe ziwiri, zitatu kapena zinayi, padzapezekabe mayina okuthawani. Koma mwachita bwino kuyang'ana zotsatira ndi maso anu musanapereke kwa abwana. Ambiri akangoona kuti khodi yayenda osadandaula, basi lipoti lanyamuka.

Dzina la domeni, ndiye kuti dzina la pa intaneti monga unima.ac.mw, limawerengedwa kuchokera kumanja kubwerera kumanzere. Kalembedwe kake n'kofanana ndi mmene timalembera kwathu pa fomu: mudzi wakuti, Mfumu Yaikulu yakuti, boma lakuti. Chaching'ono chimatsogola, chachikulu chimabwera kumapeto. Mu www.unima.ac.mw chachikulu ndi mw, m'kati mwake muli ac, m'kati mwa ac muli unima, ndipo www ndi dzina limene a yunivesite anangopatsa okha makina awo. Kumapeto kwenikweni kulinso dontho lina limene sitililemba kawirikawiri, loimira muzu wa mayina onse. Wina akalemba www.unima.ac.mw. ndi dontho kumapeto, dzina ndi lomwelo, koma khodi yanu ikalidula idzakupatsani kachidutswa kopanda kanthu kumapeto, ndipo kuwerenga konse kudzasokonekera.

Dongosololi limatchedwa DNS. Analikonza ndi Paul Mockapetris mu 1983, ndipo malamulo ake amene tikuyenderabe lero analembedwa mu 1987. Amati chidutswa chimodzi chisapitirire zilembo 63, dzina lonse lisapitirire zilembo 253, ndipo chilembo chachikulu ndi chaching'ono n'chimodzi. Koma palibe pamene malamulowo akunena kuti mwini dzina ndi chidutswa chachiwiri kapena chachitatu. Chimene DNS imadziwa n'chimodzi chokha: amene wapatsidwa dzina ali ndi ufulu wogawa za kumanzere kwake mmene angafunire.

Apa ndiye pagona nkhani yanu. Oyang'anira muzu, a IANA omwe ali pansi pa ICANN, anasiya mw m'manja mwa a Malawi SDNP. Pansi pa mw pali magulu monga ac.mw wa masukulu aukachenjede, gov.mw wa boma, org.mw, co.mw ndi com.mw. Komanso n'zololedwa kulembetsa dzina mwachindunji, n'chifukwa chake Malawi Revenue Authority ndi mra.mw, Reserve Bank of Malawi ndi rbm.mw. Tsopano taikani gov.mw ndi mra.mw pafupi. Onse ali ndi zidutswa ziwiri, onse ali ndi zilembo zitatu kutsogolo kwa dontho. Koma mra.mw ndi bungwe limodzi lokhala ndi mwini wake, pamene gov.mw ndi khomo lolowerapo maunduna ndi nthambi zambirimbiri. Inu ndi ine tikudziwa kusiyana kwake chifukwa ndife a konkuno. Kompyuta ikamayang'ana zilembo zokhazo, palibe chimene ingaonepo.

Maiko oyandikana nafenso ndi chimodzimodzi. University of Zambia ndi unza.zm, koma Copperbelt University ndi cbu.ac.zm. Ku South Africa makampani ali pansi pa co.za, mayunivesite pansi pa ac.za. Ku Germany anthu amalembetsa mwachindunji pansi pa de. Ku Britain kwa zaka zambiri munthu ankayenera kulowera pa co.uk, org.uk ndi ena otero, mpaka mu 2014 pamene a Nominet, oyang'anira uk, analola kulembetsa pansi pa uk penipeni. Choncho malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo m'dziko limodzi lomwelo amasintha pakapita nthawi.

Ndikudziwa chimene chikubwera m'maganizo mwanu: mungolemba kamndandanda kanu kakuti chidutswa chachiwiri chikakhala co, ac, org kapena gov, khodi izisunga zitatu. Pa fayilo ya lero kangakuthandizeni, sindikana. Koma tsiku limene mudzalandire imelo ya ku Japan, kumene mayina a madera monga tokyo.jp ndi makomo olowerapo, kapena ya sukulu ya ku California yothera ndi k12.ca.us, kamndandanda kanu kadzalakwitsa mwakachetechete, osakuchenjezani n'komwe. Cholakwa chosachenjeza ndi chimene ine ndimachiopa kwambiri pa ntchito ya ziwerengero, chifukwa chimakalowa m'lipoti ndipo anthu amapangirapo ziganizo.

Mwayi wake, mndandanda woterowo ulipo kale, ndipo anthu amausamalira tsiku ndi tsiku. Dzina lake ndi Public Suffix List. Anauyambitsa a Mozilla, opanga Firefox, mu 2007, ndipo chinawakakamiza ndi nkhani ya chitetezo. Webusaiti imatha kusiya kachizindikiro mu browser yanu, kamene amati cookie, kuti ikukumbukireni mukabweranso, ndipo imaloledwa kunena kuti kachizindikiroko kagwire ntchito pa domeni yake yonse. Browser ikanakhala kuti sikudziwa kuti ac.mw ndi khomo la onse, webusaiti ya yunivesite imodzi ikanatha kusiya cookie ya ac.mw, n'kumatumizidwa ku mayunivesite ena onse amene mwawatsegula. Lero Firefox, Chrome ndi mapulogalamu ena ambiri amadalira mndandandawu, ngakhalenso a Let's Encrypt, opereka ziphaso za chitetezo kwa mawebusaiti, amauyang'ana powerenga ziphaso zimene domeni imodzi yapempha.

Mukautsegula pa publicsuffix.org mudzaona kuti ndi fayilo wamba ya mizere masauzande, lamulo limodzi pa mzere umodzi. Pa gawo la Malawi mudzapeza mw payekha, kenako ac.mw, co.mw, com.mw, gov.mw, org.mw ndi anzawo. Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Mumayerekeza dzina lanu ndi malamulo onse kuchokera kumanja, n'kusankha lamulo lalitali kwambiri limene lagwirizana nalo. Limenelo ndiye khomo. Mukawonjezera chidutswa chimodzi cha kumanzere kwake, mwapeza dzina lolembetsedwa, la mwini wake. Zotsalazo ndi za m'nyumba mwa mwiniyo. Pa www.unima.ac.mw malamulo awiri akugwirizana, mw ndi ac.mw, lalitali ndi ac.mw, ndiye mwini ndi unima.ac.mw. Pa www.mra.mw likugwirizana ndi mw lokha, ndiye mwini ndi mra.mw. Mavuto anu awiri aja atha ndi lamulo limodzi.

Mulinso mizere ina yodabwitsa. Wa zilumba za Cook Islands umati *.ck, kutanthauza kuti chilichonse chobwera kutsogolo kwa ck ndi khomo. Pansi pake pali !www.ck, wonena kuti www.ck yekha lamulolo silimukhudza. Ndimakonda kuonetsa ophunzira mizere iwiriyi chifukwa imawatsimikizira kuti palibe masamu amene akanaitulukira. Anthu anakhala pansi n'kugwirizana choncho, wina n'kuilemba.

Simukufunika kulemba nokha khodi yowerenga mndandandawu. Mu Python muli laibulale, ndiye kuti khodi yolembedwa kale ndi ena, yotchedwa tldextract. Mukaiika ndi pip, chida choikira malaibulale a Python, lembani motere:

import tldextract
zidutswa = tldextract.extract("https://www.unima.ac.mw/")
mwini = zidutswa.domain + "." + zidutswa.suffix

Pamenepo zidutswa.subdomain ndi www, zidutswa.domain ndi unima, zidutswa.suffix ndi ac.mw, ndipo mwini ndi unima.ac.mw. Pa maimelo, yambani mwapatula mbali ya kumanja kwa chizindikiro cha @, muchotse mipata, musandutse zilembo zonse kukhala zazing'ono:

dzina = imelo.rsplit("@", 1)[1].strip().lower()

Musaderere strip ndi lower. M'mafayilo a Excel olembedwa ndi manja mumadzaza timipata tosaoneka kumapeto kwa mawu, ndipo wina amalemba UNIMA.AC.MW pamene mnzake walemba unima.ac.mw.

Dziwaninso kuti tldextract ikamayenda koyamba imayesa kukopera mndandanda watsopano pa intaneti n'kuusunga pa kompyuta yanu. Netiweki ikakhala palibe, imagwiritsa ntchito kope limene inabwera nalo. Ngati mu ofesi mwanu netiweki ndi yodukaduka ndipo simukufuna kuti izidikira, iuzeni kuti isapite kunja n'komwe:

dula = tldextract.TLDExtract(suffix_list_urls=())

Koma mukatero muzikumbukira kuika laibulale yatsopano nthawi ndi nthawi, chifukwa mndandandawo sukhalitsa osasintha. Amene amalemba ndi zilankhulo zina nawonso asavutike: JavaScript ili ndi tldts ndi psl, Java ili ndi InternetDomainName mu Guava, Go ili ndi publicsuffix, PHP ili ndi php-domain-parser.

Zikatha izi, ntchito yotsala ndi ya maso anu. Mzere uliwonse umene suffix yatuluka yopanda kanthu, muuike pambali. Kawirikawiri amakhala munthu amene analemba gmail.con kapena anaika chizindikiro cha koma (,) m'malo mwa dontho. Koma gmail.co ndi gmail.cm adzadutsa bwinobwino, popeza co ndi wa dziko la Colombia ndipo cm ndi wa Cameroon. Amenewo mudzawagwira pokhapokha mutasanja mayina onse otuluka n'kuwawerenga mmodzimmodzi, makamaka amene aoneka kamodzi kokha.

Ndipo domeni si sukulu ayi. Mu 2021 makoleji a University of Malawi anagawikana: Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, Chancellor College n'kutsala ndi dzina la University of Malawi. Ngati fayilo yanu ili ndi maimelo akale, mudzapezamo poly.ac.mw pambali pa mubas.ac.mw, cc.ac.mw pambali pa unima.ac.mw, medcol.mw pambali pa kuhes.ac.mw. Laibulale iliyonse idzawatenga ngati eni osiyana, ndipo malinga ndi DNS sikhala ikulakwa. Kamndandanda kolumikiza mayina akale ndi atsopano ndi kamene muyenera kulemba nokha, chifukwa kameneko n'ka ntchito yanu. Abwana muwauzenso momveka kuti ophunzira amene analemba imelo ya Gmail kapena Yahoo sangadziwike sukulu yawo kudzera njira iyi. Ngati ndi ambiri, fomu ya chaka chamawa ikhale ndi malo ofunsa dzina la sukulu mwachindunji.

FUNSO

Achimwene, ndimayang'anira gulu la pa Telegram lotumizirana mwayi wa ntchito. Akuba anachuluka, ndiye ndinalemba kapulogalamu kofufuta linki iliyonse yosachokera ku mawebusaiti amene timawadalira. Kamangoona ngati dzina la webusaiti yodalirikayo lili mu linkimo. Sabata yatha linki yabodza inadutsa, ndipo mnzathu wina anatumiza ndalama akuti ndi zolembetsera intaviyu. Ndinalakwitsa pati?

Mnyamata wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO

Pepani kwambiri achimwene, ndipo mumupepesenso mnzanuyo. Ndalama ya munthu wofuna ntchito imakhala yobwereka kapena yogulitsira kanthu, ndipo zimandipweteka kuti ndi anthu otero amene akuba amawasaka.

Ndigwiritsa ntchito example.com ngati webusaiti yanu yodalirika, ndipo example.net akhale wa wakuba. Mayina awiriwa anapatulidwa mu 1999 kuti azigwira ntchito ya zitsanzo, sali a kampani iliyonse.

Kufunsa ngati example.com ali mu linki n'kumene kunakupwetekani, chifukwa wakuba akhoza kuika mawu amenewo paliponse pamene akufuna. Taonani izi:

https://example.com.ntchito.example.net/
https://example.net/example.com/lembetsani
https://example.com@example.net/

Zitatu zonsezi zikupita kwa example.net. Yoyamba yaika dzina lodalirika kumanzere, kumene mwini domeni amalembako chilichonse popanda womufunsa. Pa foni, pamene malo a adiresi ndi ochepa, munthu amangoona poyambira pokha n'kukhulupirira. Yachiwiri yaliika kuseri kwa mzere wopendekera, kumene sikulinso mbali ya dzina. Yachitatu ndi yochenjera kuposa zonse: mu linki, zimene zili kumanzere kwa @ zimatengedwa ngati dzina la munthu wolowa, ndipo kompyuta imapita ku zimene zili kumanja.

Ndiye ntchito ikhale pawiri. Choyamba patulani dzina la makina ku linki yonse, ndipo musachite zimenezo podula nokha. Python imabwera kale ndi chida chake:

from urllib.parse import urlsplit
makina = urlsplit(linki).hostname

Chimenechi chimataya za kumanzere kwa @, chimataya nambala yotsatira dzina monga :8080, ndipo chimasandutsa zilembo kukhala zazing'ono. Chenjerani pamodzi: linki ikakhala yopanda https:// kutsogolo, monga mmene anthu amalembera m'magulu, hostname imatuluka None. Ikatero onjezerani mizere iwiri yopendekera kutsogolo kwa linki musanaipereke, ndipo ikakanikabe, linkiyo ifufutidwe. Pulogalamu yolondera pakhomo ikasokonezeka iyenera kutseka, osati kutsegula.

Chachiwiri ndi kuyerekeza. Ambiri apa amalemba endswith("example.com"), osazindikira kuti ntchitoexample.com nayenso amathera ndi zilembo zomwezo, ndipo aliyense akhoza kulembetsa dzina lotero ndi ndalama zochepa. Dontho ndi limene limasiyanitsa:

zabwino = makina == "example.com" or makina.endswith(".example.com")

Linki imene m'malo mwa dzina ili ndi manambala anayi olekanitsidwa ndi madontho si domeni, ndi adiresi ya IP. Musaidule ngati dzina; pa gulu ngati lanu ingoifufutani.

Pali chinanso choti muchidziwe musanaike dzina pa mndandanda wa odalirika. Makampani ena amagawira anthu malo pansi pa domeni yawo. Aliyense wotsegula akaunti pa GitHub akhoza kukhala ndi tsamba lothera ndi github.io. Mukalola github.io yense, mwalola anthu osawerengeka amene simukuwadziwa. Public Suffix List imene ndafotokozera mayi a ku Zomba ili ndi gawo lachiwiri la mayina otere, limene eni makampaniwo amapempha okha kuti alembedwemo. Koma tldextract siliwerenga gawolo pokhapokha mutaiuza ndi include_psl_private_domains=True. Pa ntchito yanu muiuze. Malinki ofupikitsidwa monga a bit.ly nawonso musawalole, chifukwa dzina lawo silinena kumene akukafika.

Khodi idzakuuzani mwini wa dzina, koma mtima wa mwiniyo siingaudziwe. Pamwamba pa gulu lanu mukhomepo uthenga wakuti wolemba anthu ntchito weniweni sapempha ndalama ya intaviyu.

FUNSO

Fomu ya pa webusaiti yathu ikukana imelo ya kasitomala yothera ndi .africa. Amene anatikonzera akuti imeloyo ndi yolakwika. Zoona?

Wamalonda wa ku Limbe

YANKHO

Ayi bambo, imeloyo ilibe vuto. Domeni ya africa inatsegulidwa mu 2017. Okukonzeraniwo ayenera kuti anaika lamulo lakale lakuti chidutswa chomaliza chikhale cha zilembo ziwiri kapena zitatu, monga mw ndi com. Lamulolo linatha ntchito kalekale, pamene info ndi museum anabwera mu 2001, ndipo kuchokera pamene ICANN inalandira mafomu a mayina atsopano mu 2012 awonjezekera oposa 1,200. Auzeni achotse malirewo. Fomu ingoona kuti pali @ ndi dontho kumanja kwake, kenako itumize uthenga wotsimikizira ku imeloyo. Uthenga ukafika, imelo ndi yeniyeni.

FUNSO

Dzina la sukulu yathu lili ndi chilembo cha ŵ. Kodi chingalowe mu dzina la webusaiti, nanga mapulogalamu odula mayina angachizindikire?

Mphunzitsi wa ku Rumphi

YANKHO

Aphunzitsi, njira yake ilipo. Mayina a makina mu DNS amalembedwa ndi zilembo a mpaka z, manambala ndi kamzere kapakati basi. Kuyambira mu 2003 pali dongosolo lotchedwa IDNA, limene limasandutsa dzina lokhala ndi zilembo zina kukhala la zilembo wamba loyamba ndi xn--. Mwachitsanzo münchen, mzinda wa ku Germany, amasanduka xn--mnchen-3ya. Browser imakuonetsani loyambalo, koma pofunsa DNS imatumiza lachiwirilo. Malire a zilembo 63 aja amawerengedwa pa lachiwirilo, lomwe limakhala lalitali.

Kwa wolemba khodi, lamulo ndi lakuti asandutse mayina onse kukhala a mtundu umodzi asanawayerekeze, apo ayi dzina limodzi lidzawerengedwa kawiri. Chilembo chathu cha ŵ chili ndi msampha wakewake: kompyuta imatha kuchisunga ngati chilembo chimodzi, kapena ngati w wotsatiridwa ndi kachipewa kapadera. Pamaso zimaoneka chimodzimodzi, koma mukaziyerekeza mu khodi n'zosiyana. Laibulale ya idna mu Python imakonza zimenezi mukalemba idna.encode(dzina, uts46=True).

Khomo lomweli ndi limene akuba amalowerapo. Mu 2017 katswiri wina, Xudong Zheng, analembetsa dzina la zilembo za Cyrillic, za mtundu umene amalembera Chirasha, limene mu browser zina linkaoneka ndendende ngati apple.com, pamene dzina lake lenileni linali xn--80ak6aa92e.com. Opanga Chrome anakhwimitsa malamulo pambuyo pake. Achimwene a ku Lilongwe aja amvenso apa: akayerekeza mayina atawasandutsa kale, lachinyengo lotere silingafanane ndi lenileni.

Pa za sukulu yanu, woyang'anira domeni aliyense amasankha yekha zilembo zimene amalola, choncho funsani kumene mukufuna kulembetsa musanasindikize zikwangwani. Ngakhale atakulolani, lembetsaninso dzina lomwelo ndi w wamba, ndipo limenelo ndi limene muike pa makalata ndi pa maimelo, chifukwa makolo ambiri akamalemba pa foni adzadina w wopanda kachipewa.